Bokosi Lochokera ku Halale

Amuna anga anamwalira kumgodi wina kum'mwera kwa Halale nkhondo yaikulu ili mkati, ndipo ine ndinamva za imfa yawo atagona kale m'manda. Uthenga unabwera ndi bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankagona nawo chipinda chimodzi kukomboni ya mgodiwo. Anafika masana ine ndikupalira nsawa kuseri kwa mudzi. Sanabwere kwa ine. Anapita kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, monga mwambo unkafunira, ndipo ine ndinadziwira kulira kwa apongozi anga aakazi kuti zinthu zaipa.

Ine ndine Mchewa wa kumbali ya Kasenengwa, mwana wa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni. Amuna anga anali Mngoni. Anandilowola ndi ng'ombe, ndiye ndinasiya kwathu kukakhala kwao, pakati pa abale awo. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene nthawiyo anali atangoyamba kunditsata kuchitsime ndi kachikho pamutu. Atate ake sankawadziwa bwino, chifukwa anapita kumgodi iye akukwawa. Amuna ambiri a m'mudzimo anali kunja choncho, chifukwa cha msonkho ndi kuchepa kwa minda.

Bambo uja anafotokoza pamaso pa banja lonse. Anati chifuwa chinawagwira amuna anga kwa nthawi yaitali, mpaka dokotala wa mgodi anawalembera kuti abwerere kwao. Iwo analongedza zonse zimene anagula pa zaka zimenezo m'bokosi lalikulu lachitsulo, nalipereka ku ofesi ya malole onyamula katundu kuti litsogole kudzera njira ya ku Tete. Ankati akapezako mphamvu adzalitsata. Popeza ankayembekeza kukalitenga okha ku Fort Jameson, analembetsa dzina lawo ngati wotumiza, ndi dzina lawo lomwelo ngati wolandira. Patangopita masiku pang'ono anawatengera kuchipatala, ndipo sanatulukemo.

Atafunsidwa zimene zinali m'bokosimo, bamboyo anatchula zimene anaona ndi maso ake: mabulangete, jekete ndi mathalauza a malemu, mapoto, chikhothi chochindikala cha amayi awo, ndi makina osokera opukusa ndi dzanja, amene malemu ankati ndi a mkazi wawo. Kenako anatulutsa tikiti ya bokosilo naipereka kwa alamu anga. Iwo sankadziwa kuwerenga, ndiye anaipereka kwa ine pomwepo, anthu onse akuona.

Akuluakulu a banja anagwirizana kuti popeza mtembo unatsala kutali, adikira bokosilo. Likafika atengamo chovala chimodzi cha malemu akachikwirire kumanda a makolo, zotsalazo agawane, ndiyeno andisudzule. Kufikira tsiku limenelo ndinayenera kuvala nsalu yakuda ndi kukhala m'nyumba ya malemu.

Ulendo wa ku Boma, monga tinkatchulira tauni ya Fort Jameson, unali wa tsiku lathunthu wapansi. Ndinkafikira kwa azakhali anga, amene ankagulitsa masamba ndi nthochi pamsika. Ofesi ya malole inali kuseri kwa masitolo a amwenye. Chinali chinyumba chamalata chopanda mawindo, chonunkha petulo ndi nsomba zouma, chokhala ndi sikelo yaikulu pakhomo. Mkatimo munali matumba, njinga zomangidwa m'ziguduli, ndi mabokosi achitsulo osanjikizana, ofanana ndithu ndi limene ndinauzidwa. Ulendo woyamba kalaliki anandilola kuwerenga maina pa bokosi lililonse. Dzina la amuna anga panalibe. Anati ndisadandaule, mvula yawononga msewu, ndiponso chifukwa cha nkhondo matayala ndi petulo zikusowa, malole akuyenda mwa apo ndi apo.

Ndinapitanso mvula ikutha, ndinapitanso chimanga chitauma. Ulendo wachitatuwo kalaliki anaiyang'ana tikiti ija nthawi yaitali, nandifunsa kuti mwini wake ali kuti.

"Mwini wake anamwalira, bambo. Ine ndine mkazi wawo."

"Wotumiza ndiye angadandaule kuti katundu sanafike."

"Wotumiza ndi iwo omwewo."

"Ndiye ine ndilankhule ndi yani, mayi? Dzina lanu pano palibe."

Sanali munthu wankhanza. Anali mnyamata wophunzira kumishoni ngati ine ndemwe, ndipo ndinaona kuti akuchita manyazi. Anandilangiza kuti ndipite kumaofesi a boma akandipatse chikalata chosonyeza kuti katunduyo ndi wanga. Kumeneko ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Yankho linali lakuti chuma cha munthu wakuda chimatsata mwambo wa mtundu wake, ndipo kwa Angoni wolowa m'malo ndi mbale wamwamuna wa malemu, osati mkazi. Tsiku limenelo ndinamva koyamba kuti makina amene amuna anga anandigulira si anga. Sizinandipweteke kwambiri. Ndinkangofuna kuti bokosilo lipezeke, mwini wake akhale aliyense.

Choncho ulendo wotsatira ndinapita ndi alamu anga. Anavala jekete la kutchalitchi, natenga ndodo yawo. Popeza panabwera mwamuna, mzungu woyang'anira ofesiyo anatuluka, nayankhula kudzera mwa kalaliki. Anati malole ochokera ku Halale kufika kumtsinje wa Zambezi ndi a kampani ina, iwo amangolandira katundu kutsidya lino, ndipo sangayankhe za chinthu chimene sakudziwa ngati chinafika m'manja mwawo. Kenako anatembenuza tikiti ija natisonyeza timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi kumbuyo kwake. Ndinatiwerenga ndekha. Timawuto tinkanena kuti katundu akawonongeka kapena kusowa panjira, tsoka ndi la mwini wake.

Alamu anga anafunsa modekha kuti munthu akalandira ng'ombe ya mnzake kuti amuwetere, ng'ombeyo nisowa, mlandu umakhala wa yani. Kalaliki sanamasulire funsolo. Mzungu uja anali atayamba kale kubwerera mkati. Alamu anga anaumirira, mawu awo anakwera, anthu oyembekeza katundu wawo anayamba kutiyang'ana. Pofuna kutichotsa pakhomo, kalaliki ananena mawu amene ndikhulupirira kuti iye mwini anawaiwala tsiku lomwelo.

"Pano pamabwera anthu ambiri, bambo. Mwina wina wa kwanu anadzatenga kale."

Pobwerera alamu anga ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Atafika kumudzi anafotokozera banja zonse mokhulupirika, osawonjezera kanthu. Anatchulanso mawu otsiriza aja. Panalibe amene anafunikira kuuzidwa kuti ndani wa m'banjamo ankapita ku ofesiyo yekha, tikiti ili m'manja.

Poyamba palibe ananena poyera. Ndinangoona kuti akazi anzanga akasonkhana pamtondo, ine ndikafika nkhani inkasintha. Katundu wa m'bokosimo ankachulukirachulukira m'kamwa mwa anthu. Munalowa galamafoni, munalowa wotchi, munalowa nsapato za banja lonse. Ndiye tsiku lina alongo anga, amenenso anali mphunzitsi, anabwera kudzandiona. Anapeza nsalu yanga yakuda itasanduka yotuwa ndipo itang'ambika pamaondo, moti sindikanatha kupita nayo kutchalitchi. Patapita sabata anatumiza ina yatsopano. Nthawi ya nkhondo nsalu inali yosowa m'masitolo. Apongozi anga anandiona nditaivala, anabwera nagwira m'mphepete mwake ndi zala, nafunsa kuti ndi ya ku Halale kodi. Ndinawauza kumene yachokera. Anangoti, "Chabwino," napita.

Apongozi anga sanali munthu woipa. Pamene ndinali ndi pakati ankanditungira madzi okha, ndipo mwana wanga anabadwira m'manja mwawo. Koma mwana wawo anafera kudziko limene iwo sanalionepo, anaikidwa ndi alendo, ndipo analibe ngakhale batani la malaya ake loti agwire. Chikhothi chija ankachitchula kawirikawiri. M'nyengo yozizira ankakhala padzuwa m'mawa, atadzikumbatira, akunena kuti mwana wawo anawakumbukira koma anthu anaima pakati.

Mphekesera inamveka kuti makina aja ali kwathu kwa makolo anga. Alamu anga anatumidwa kukaona, pamodzi ndi amuna ena awiri. Atate anga anawalandira, anawapatsa mipando, kenako anatsegula nyumba yonse ndi nkhokwe zomwe. Amayi anga anakhala panja akulira ndi manyazi, ana a sukulu akusuzumira pampanda. Atate ali mnyamata ananyamulapo katundu wa azungu pamutu, nthawi ya amtengatenga. Alendowo atamaliza kufufuza, atate anawauza kuti masiku amenewo mtolo ukasowa aliyense ankadziwa mutu umene unausenza ndi mudzi umene munthuyo ankachokera. Anawaperekeza mpaka kumsewu, koma sanapondenso m'mudzi wa apongozi anga mpaka imfa yawo.

Chaka chinatha ndili chivalire nsalu yakuda. Akazi ena amene amuna awo anamwalira pambuyo pa anga anasudzulidwa, wina anakwatiwanso. Ine ndinkalima munda wa malemu, ndinkaphika, ndinkapita kutchalitchi, ndipo pabenchi pambali panga pankatsala malo.

Azakhali anga ndiwo anamva pamsika za dalaivala wina amene anachotsedwa ntchito kukampani ya malole ija chifukwa cha katundu amene anasowa panjira ya ku Tete. Ananditumizira mawu, ndipo ndinapita. Tinamupeza kuseri kwa sitolo ina akumata machubu a njinga. Anali munthu wachikulire ndithu, wowonda, wometa mpala. Anali atangotuluka kundende.

Anatifotokozera osakweza maso pantchito yake. Anati katunduyo anamulandira ndithu kutsidya lino la Zambezi, mabokosi ambiri a anthu a kumigodi. Ali m'dziko la Apwitikizi, anafika pamtsinje wina wopanda mlatho, umene malole ankawoloka pamchenga. Madzi anali ochepa, ofika m'akakolo, koma lole inatitimira pakati. Iye ndi anthu amene anakwera anatsitsa katundu yense namuunjika pamchenga kuti lole ipepuke. Anavutika nayo mpaka inatuluka n'kukwera kumtunda. Kumwamba kunali koyera, koma kumapiri kunali kutagwa mvula. Asanabwerere kukatenga katundu anamva mkokomo, ndipo madzi anafika odzaza ndi mitengo ndi zinyalala. Anaima pagombe akuona mabokosi akutembenuzika limodzilimodzi. Anapulumutsa njinga imodzi ndi matumba angapo.

Atafika ku Boma ananena zoona, koma abwana ake sanafune kuti zimveke kuti lole yawo inatumizidwa pamsewu umenewo nthawi ya mvula, itadzaza kupyola muyeso. Anamupereka kwa apolisi kuti anagulitsa katunduyo kwa Apwitikizi. Anthu amene anakwera nawo anali atabalalika kumidzi yawo, ndipo panalibe womuchitira umboni. Maina a pamabokosi sankawakumbukira, koma nyengo imene anatchula inali yomweyo.

Ndinamupempha kuti apite nane kumudzi akanene zimenezi kwa apongozi anga. Anakana kawiri. Kachitatu anavomera, nati nayenso akufuna kuti pakhale anthu ena omva nkhani yake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Azakhali anga anayenera kutiperekeza, koma m'mawa mwake mwendo wawo unatupa. Ndinaganiza zodikira, koma ndinaopa kuti munthuyo angasinthe maganizo. Tinanyamuka awiri, iye patsogolo patali, ine pambuyo.

Banja linasonkhana pafupi ndi khola la ng'ombe. Dalaivala uja anakhala pansi, chipewa chili pabondo, nafotokoza zonse monga anatifotokozera, osasiya ngakhale za kundende. Amuna ena ankagwedeza mitu, chifukwa ankaidziwa mitsinje ya njira imeneyo. Kwa kanthawi ndinaona ngati zatha. Atamaliza, apongozi anga anafunsa funso limodzi.

"Inu bambo, mwati anakumangani chifukwa chakuba katundu yemweyu?"

"Ndi zimene anandinamizira, amayi."

"Ndipo mkazi wa mwana wangayu munadziwana naye liti?"

Panalibenso china chimene chinamveka pambuyo pa funso limenelo. Ndinali nditabweretsa m'mudzi munthu womangidwapo chifukwa chakuba bokosilo, ndipo ndinayenda naye tsiku lonse m'tchire ndili mu nsalu yamaliro. Anyamata anayamba kuimirira. Alamu anga anamugwira dzanja mlendoyo namutulutsa m'mudzi iwo eni, namusiya kumsewu waukulu kuti asamenyedwe. Sindinamuonenso.

Akulu a mpingo anandiitana Loweruka lotsatira. Anandifunsa ngati ndinayendadi ndi mwamunayo popanda wondiperekeza, ndipo ndinavomera. Za bokosi anati si nkhani yawo. Anandiletsa Mgonero, ndipo Lamulungu analengeza dzina langa pamaso pa mpingo wonse, mwana wanga atakhala pamiyendo panga.

Masiku angapo pambuyo pake alamu anga anandipeza kumunda. Anaima kumalire, osalowa m'mizere. Anati iwo akhulupirira kuti dalaivala uja ananena zoona, chifukwa munthu wonama sadzitchulira yekha za ndende. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananene zimenezo pakhola paja. Anayang'ana kumbali, nati amayi awo akalamba, ndipo sangathe kukangana nawo pa nkhani ya mwana wawo wakufa. Anati chimene angandichitire ndi kuumiriza banja kuti lindimasule ndizipita kwathu, bokosi lisadikiridwenso.

Anachitadi zimenezo. Anandisudzula mwachidule, popanda mowa, popanda abale anga kuitanidwa. Panalibe chogawana. Ziwiya za m'nyumba anati ndi za malemu, ndipo nsawa za m'nkhokwe zinalimidwa m'munda wa malemu. Za mwana sindinafunse, chifukwa yankho ndinkalidziwa kuyambira tsiku limene ng'ombe zinalowa m'khola la atate anga. Mkazi wamasiye wokondedwa ankatha kuloledwa kupita ndi mwana wamng'ono mpaka akule. Ine sanandilole. M'mawa wa tsiku lonyamuka anamutuma ndi ana anzake kukaingitsa mbalame kumapira. Ndinamanga nsalu zanga ndi Baibulo langa, ndinadutsa njira yozungulira kuti ndisadzere kumundako, chifukwa ndinadziwa kuti akandiona adzandithamangira, ndipo adzamubweza ndi chikoti.

Kwathu sindinakhalitse. Atate anali atayamba kudwala, ndipo anthu a mpingo wa kumeneko anali atamva kale nkhani yanga. Ndinapeza ntchito yosankha fodya pafamu ya mzungu wina kumpoto kwa tauni. Tinkakhala pansi m'chinyumba chachitali, tikulekanitsa masamba owala ndi akuda, fumbi lake likutiyabwa pakhosi. Anandipatsa kanyumba kaudzu kukomboni ndi poso wa ufa ndi nyemba Loweruka lililonse. Mwana wanga ndinkamuona kamodzi kapena kawiri pachaka, pamisonkhano yaikulu ya mpingo. Ankandigwadira ngati mlendo, nayankha mafunso anga ndi mawu amodziamodzi, maso ali kwa agogo ake.

Nkhondo itatha patapita zaka zingapo kunagwa chilala, ndipo m'midzi munalowa njala. Ife a pafamu tinkalandirabe poso, ngakhale anauchepetsa. Tsiku lina madzulo nditaweruka ndinapeza alamu anga atakhala pakhomo panga, atatsamira chipupa, ali ndi mwana wanga. Onse awiri anali ataonda kwambiri. Anati kumudzi akudya mizu ndi gaga, ng'ombe zambiri anagulitsa, ndipo apongozi anga sakudzukanso pamphasa. Apongoziwo ndiwo amene ananena kuti mwanayo apite kwa mayi wake akadye.

Mwana wanga anali atatalika kufika paphewa panga. Masiku oyamba ankadya mofulumira, atatembenukira kukhoma. Ndikapita kuntchito ankasesa, kutunga madzi ndi kutola nkhuni popanda kutumidwa. Tsiku lina ndinabwera masana mosayembekezeka, ndinamupeza atakwera pampando akufufuza kudenga, dzanja lili m'udzu. Anatsika, naima chilili. Ndinamufunsa chimene akufuna.

"Agogo amati muli ndi makina osokera a atate."

Ndinamukhazika pansi ndi kumufotokozera zonse, za ofesi ya malata, za timawu ta kumbuyo kwa tikiti, za mtsinje ndi dalaivala. Anamvetsera mpaka kumapeto, akukanda pansi ndi kamtengo. Sananene kuti wakhulupirira, sananenenso kuti sanakhulupirire. Anangofunsa ngati atate ake anali aatali, ndipo ndinati inde, anali aatali kuposa alamu anga.

Anakhala nane miyezi ya njala yonse. Ndinamuphunzitsa kuwerenga pogwiritsa ntchito Baibulo lija, chifukwa kumudzi anali atamusiyitsa sukulu kuti azisamala agogo ake. Pang'onopang'ono anayamba kuseka, ndipo thupi linabwerera. Uthenga wa imfa ya apongozi anga unatipeza komweko. Iye analira kwambiri, ine ndinamugwira, ndipo ndinadabwa kuona kuti nanenso ndikulira.

Chimanga chachiwisi chitayamba kudyedwa, alamu anga anabwera kudzamutenga. Anati akazi awo akufuna wowathandiza, ndiponso pali banja lina limene layamba kufunsa za iye. Ndinawapempha kuti amusiye chaka chimodzi chokha amalize kuphunzira kulemba. Anati nkhaniyo si ya iwo okha, akaifikitsa kwa abale. Mwanayo ndinamuluka tsitsi m'mawa wa tsiku lonyamuka, ndinawamangira ufa ndi nyemba zimene ndinasunga, ndi kuwaperekeza mpaka pamalire a famu. Simbi yoitanira anthu kuntchito inali italira kale, ndiye sindinathe kupitirira pamenepo.